Mlendo Wopanda Malonje

Ndisanayambe ndilumbire kaye, chifukwa ndikukudziwani inu. Nkhani iyi ndi yoona kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ngati muli bodza, ngakhale laling'ono ngati nthata, njinga yanga iphulike matayala onse awiri pakati pa chitunda, ndiikankhe mpaka kunyumba mvula ili pamsana. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, mutu wopekera nkhani ndiutenga kuti? Ndinaimva kwa mwini wake, mlamu wanga Mayi Nangozo, munthu woti ngakhale m'ndiwo sawonjezera mchere.

Chaka chimenecho, sukulu zitatsekera, mpingo wathu unakonza msasa wa ana wa sabata yathunthu pa sukulu ina ya mishoni kuseri kwa mapiri a ku Dedza. Amene simunapiteko, zimakhala chonchi. Mwana aliyense amanyamula mphasa, bulangete, mbale, kapu ndi kathumba ka ufa. Madesiki amawaunjika kukhoma, kalasi n'kusanduka chipinda chogona. Anyamata kalasi ya uko, atsikana ya kuno, pakati pali bwalo la mpira ndi maso a Mayi Nangozo. Belu lake ndi limu ya gudumu la thirakitala yopachika mumtengo. Likalira m'mamawa, onse ku mjigo kukasukusula ndi madzi oluma mano. Akachoka apo mapemphero, phala, mavesi a pamtima, kusesa, kwaya, nyemba, mpira, nyemba zinanso, kenako kukagona. Nyemba zija usiku zimayimba kwaya yakeyake.

Nangozo ndiye ankayang'anira atsikana, ndipo analipo makumi awiri. Kaundula sankamukhulupirira. Ankati pepala limanama, mutu sunama. Choncho m'mawa ndi madzulo ankaima pakhomo la kalasi, mtsikana aliyense akamadutsa n'kumugwira pamutu, akuwerenga chamumtima.

Pa mitu makumi awiriyo, umodzi unkamulemera kuposa yonse. Unali wa Sungeni, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, mwana wa mnzake woyandikana naye nyumba. Sungeni anali mwana womvera mochititsa mantha. Ukamuuza kuti dikira pano, ukhoza kupita ku Joni, kukagwira ntchito, n'kubwera, udzamupeza pompo. Make anabereka ana anayi, atatu anawaika m'manda. Za msasa anakana kwamtuwagalu, mpaka Nangozo anachita kumunyengerera masiku atatu.

"Anangozo," anatero make Sungeni tsiku lonyamuka, atagwira chitseko cha lole, "diso langa ndi limodzi lomweli. Ndakubwerekani, sindinakupatseni."

"Loweruka, dzuwa lisanapendeke, ndidzakupatsirani m'manja mwanumu," anayankha Nangozo.

Lolemba linatha bwino. Lachiwiri madzulo, kachisisira, Nangozo anaima pakhomo monga mwa masiku onse. Mitu inadutsa, ina yoluka, ina yometa, ina ya zipere. Anawerenga makumi awiri ndi umodzi.

Analowa m'kati, nayatsa tochi, nawerenga ana ali pa mphasa zawo. Makumi awiri. Atayang'ana chikhatho chake anapeza chanyowa, ndipo chinkanunkha matope a kudambo.

M'mawa anakawauza a Kachigamba. Awa ndiwo anali mkulu wa msasa wonse, mphunzitsi wa Sande Sukulu, bambo wokulira m'tauni amene ankavala tayi ngakhale poyimbira mpira.

"Mayi, masamu a madzulo ndi ovuta," anaseka a Kachigamba. "Mwadzigwira nokha pamutu inu."

Tsiku lomwelo Anajere, mayi wa m'mudzi wa pafupi amene ankaphikira ana, anapeza pathandala kambale kachitsulo kakalekale, kothothoka utoto m'mbali, kotsukidwa bwinobwino n'kuvundikira. Anafunsa ana onse. Kanalibe mwini. Anakaponya kudzala. Masana kanali pathandala pomwepo.

Ku kwaya nakonso kunali zake. Nyimbo ikatha, onse atatseka pakamwa, pamamveka kamawu kamodzi kakumalizitsa liwu lomaliza kokha, mochedwa. Woyimbitsa anawabwerezetsa kanayi. Atsikana ankangolozana, aliyense akuti ndi wa kumbuyo kwake. A mzere womaliza kumbuyo kwawo kunali khoma.

Usiku umenewo Nangozo poyendera ana anapeza Sungeni atagona theka pasimenti. Mbali yaikulu ya mphasa inali yopanda munthu, koma bulangete analiyala mpaka konko, n'kulipsinja bwino m'mphepete.

"Iwe Sungeni, mphasa uli nayo, ukugoneranji pasimenti?"

"Mnzanga amazizidwa, amayi."

"Mnzako uti?"

Sungeni anatembenuka, nayang'ana, nati, "Watuluka kaye."

Nangozo anaganiza za ana a m'mudzi. Chaka ndi chaka amabwera kudzasuzumira pampanda, ndipo sipalephera mmodzi wolowerera pamzere wa phala. Anati basi, phala lilipo lambiri. Anakagona, koma chikhatho chija ankangochipukutira pachitenje.

Tsono cholakwa chenicheni chinachitika Lachinayi, pa mapemphero a m'mawa, dzuwa likuwala bwinobwino. Mukudziwa mwambo wa kutchalitchi kwathu. Wotsogolera amafunsa ngati pali mlendo, mlendo amaimirira, kunena dzina lake, kumene wachokera ndi chimene wadzera, ndiye mpingo n'kumulandira. Pa msasa mlendo achokera kuti? A Kachigamba ankangofunsa mwa chizolowezi. Koma tsiku limenelo phunziro lake linali la kuchereza alendo, ndiye anafunsa mokweza, atatambasula manja.

"Kodi pali mlendo pakati pathu?"

Sungeni anaimirira. "Alipo, aphunzitsi. Koma ndi wamanyazi."

Ana anaseka. A Kachigamba anaona ngati mwanayo akuwathandiza phunziro, nakondwa kwabasi.

"Mwaona? Mwaona mwana wophunzitsika? Tiyeni timuwombere m'manja mlendo wathu!" Ana anawomba, nayimba nyimbo yolandirira alendo. "Mlendo wathu, khalani omasuka, pano ndi panu. Iwe Sungeni, mwini mlendo ndiwe. Uzimudyetsa, uzimufunditsa. Tsiku lopita udzamuperekeze. Ana inu, mwana waulemu akamaperekeza mlendo amatani?"

"Amamunyamulira katundu!"

"Nanga amabwerera liti?"

Ana anayang'anana.

"Sabwerera mpaka mlendo anene yekha kuti bwerera. Nenani nonse!"

Ananena onse. Atatseka pakamwa, kamawu kaja kanamalizitsa kokha: "...kuti bwerera."

Anajere anali pakhomo ndi ndowa ya madzi. Anaitula pansi pang'onopang'ono, nakokera Nangozo kuseri kwa khitchini.

"Anangozo, mwalandira yani?"

"Aa, ndi masewera a ana aja."

"Mwamuona?"

"Ayi."

"Dzina wanena? Kwawo wanena? Inu anthu opemphera inu, mlendo amalandiridwa asanapereke malonje? Mwamuuza kuti pano ndi pake, mwamupatsa ndi womuperekeza yemwe, osadziwa kuti kwawoko ndi mtunda wotani."

Nangozo anafunsa kuti, "Inu mukuganiza kuti ndi wa kuti?"

Anajere analoza ndi mlomo kumunsi, kupyola nkhalango ya bulugamu, kumene dambo linayambira. "Uko kunali mudzi kale. Anthu anasamuka." Anatola chikuni, nachisonkhezera pamoto. "Si onse anasamuka."

Kuyambira pamenepo mlendo anamasukadi. Madzulo mitu inali makumi awiri ndi umodzi, m'mawa chimodzimodzi, ndipo Nangozo analeka kubwereza. Ankangodziwa kuti pambuyo pa mutu wa Sungeni pabwera wina wamfupi pang'ono, wozizira, watsitsi lonyowa, ndipo pamenepo maso ankayang'ana kudenga. Atsikana ena anayamba kukokera mphasa zawo kutali, mpaka Sungeni anatsala pakati pa kalasi ngati chilumba. Pa mpira wa manja, mpira ukatayikira kutchire unkabwera wokha, ukugubuduka mokwera chitunda. Galu wa mlonda, amene sankachoka pakhitchini, anasamukira kwa anyamata.

Lachisanu Nangozo anapitanso kwa a Kachigamba. Anawapeza akukonza ndandanda wa sewero lotsekera msasa.

"Aphunzitsi, mawu munanena dzulo aja, kamuuzeni mwana uja kuti zinali zocheza."

"Mayi, ndiphunzitse ulemu Lachinayi, Lachisanu ndikaufufute? Ana azindiona bwanji? Musamamvere za amayi akukhitchini, utsi umawalowa m'mutu."

Nangozo anamuitana yekha Sungeni. "Mawa usapite kulikonse, wamva?"

"Ndamva, amayi. Ndikangomuperekeza basi."

"Ndati kulikonse!"

Mwanayo anagwetsa nkhope, misozi ili lengelenge. Akuluakulu awiri anali atamuuza zinthu ziwiri, ndipo woyamba ananena pamaso pa mpingo.

Usiku womaliza Nangozo anasamutsa mphasa yake, nakagona pafupi ndi Sungeni. Anatenga chitenje, mbali ina anamanga mwendo wa mwanayo, mbali ina dzanja lake. Anatsimikiza kuti sagona. Koma munthu amene wathamanga ndi ana makumi awiri sabata yonse, tulo sapangana nato.

Anadzidzimuka ndi belu. Kunja kunali kutayera, chifunga chili tolo. Chitenje chija chinali pambali pake, chopindidwa bwinobwino kanayi. Mphasa ya Sungeni inali yokulunga, bulangete pamwamba.

Anaima pakhomo, nawerenga mitu. Khumi ndi isanu ndi inayi. Yonse youma.

Sanakuwe. Anathamangira kukhitchini, ndipo Anajere atangomuona nkhope anasiya mthiko. Kambale kaja pathandala panalibe. Awiriwo anadutsa kuseri kwa zimbudzi, nalowa m'nkhalango ya bulugamu. Pakanjira kopita kudambo mame anali atagwedezeka mbali zonse ziwiri, ngati padutsa anthu awiri oyenda mogundana mapewa. Koma pafumbi mapazi anali a mwana mmodzi.

Mitengo itatha, Anajere anaima. "Ine malire anga ndi pano, Anangozo. Ndine wa konkuno, amandidziwa."

Nangozo anatsika yekha. Udzu unali wofika m'chiuno. Atayenda kanthawi anamuona Sungeni patsogolo m'chifunga, akuyenda mwakachetechete, manja onse awiri atagwira kamtolo pamutu. Kanali komanga m'chitenje chakale, cha maluwa amene anasiya kuoneka pamsika Nangozo ali mtsikana, ndipo kankadontha madzi, akutsikira m'khosi mwa mwanayo. Patsogolo pake pang'ono udzu unkapatuka wokha, n'kubwerera.

"Sungeni! Tiye kuno!"

Mwanayo sanaime. "Sananene kuti bwerera, amayi."

Nangozo anamupeza, namugwira mkono kuti amukoke. Kunali ngati kukoka chitsa. Mwana wowonda ngati bango, koma ndi Nangozo amene anakokeka, mapazi akukhwekhwereza m'matope.

"Ndatopa, amayi," analira Sungeni chapansipansi. "Khosi likuwawa. Ndamufunsa ngati tayandikira, akungoti patsogolo apo."

Nangozo anayesa kuyambitsa nyimbo ya kutchalitchi. Anangoyimba mzere umodzi, kamawu kaja n'kumuthandiza kumalizitsa, mokondwa. Analeka.

Apo ndi pamene mlamu wanga anaonetsa kuti analeredwa. Anaganiza kuti chinthu ichi sichinathyole chitseko. Chinalowa ndi ulemu, chiyenera kutuluka ndi ulemu. Anathamangira kutsogolo, napatuka pambali pa njira, nanyonyomala, nawomba m'manja katatu molunjika pamene udzu unkagwedezeka.

"Zikomo alendo. Pepani, tinalakwitsa ndife akuluakulu. Mlendo wa mpingo wonse saperekezedwa ndi mwana, n'chipongwe chimenecho. Katunduyu ndinyamule ine."

Udzu unaima. Dambo lonse linangoti zii, ngakhale chule. Nangozo anadzuka, nagwira kamtolo kaja, ndipo kanachoka pamutu pa Sungeni mosavuta. Atakasenza iye, anadzandira. Kanali kochepa ngati kabichi, koma kulemera kwake ngati thumba la mchenga wonyowa. M'kati munali chinachake cholira ngati chitsulo, ndi china chimene chinkasuntha.

"Sungeni, ntchito yako ndailandira ine. Thamanga, usacheuke. Ukawapeza Anajere ukawagwire chitenje, usakawasiye."

Mwana womvera ali ndi ubwino wake. Anathamanga, osacheuka.

Udzu unayambanso kupatuka, ndipo miyendo ya Nangozo inatsatira yokha asanaiuze. Njira inkangotsika. Madzi a m'kamtolo ankalowa m'maso. Anayesa kuchedwetsa phazi, osatheka. Anayesa kufunsa malonje mochedwa momwemo, kuti kodi alendo kwanu n'kuti, kwasiyidwa bwanji. Yankho panalibe, koma kutsogolo kunayamba kumveka mtondo, wina akusinja pang'onopang'ono, ngati munthu wopanda changu chilichonse.

Anafika pakamtsinje kodutsa pakati pa dambo, kokhala ndi miyala itatu yopondapo. Kutsidya, m'chifunga, munaima mitengo ya mango yakalekale mozungulira, monga imakhalira pamene panali nyumba. Kunkamveka fungo la utsi koma moto osaoneka. Pansi pa mitengoyo panali mdima wina wosafanana ndi mthunzi, ndipo unali wautali mosiyanasiyana.

Phazi lake lamanja linali kale pamwala woyamba pamene anakumbukira mawu a azakhali ake. A Kachigamba mwambo anauphunzitsa theka, poti okulira m'tauni amaperekezana pa siteji ya minibasi. Kumudzi woperekeza saoloka madzi. Akafika pamtsinje amatula katundu, ndipo sikukhala kulakwa.

Anabweza phazi lija, ngakhale kunali ngati kulizula m'phula. Anatula kamtolo ndi manja awiri, khosi likulira, nakaika pamwala. Anagwada m'matope.

"Alendo, ife tabwerera pano. Madzi awa sitioloka, kunyumba tasiya ana."

Mtondo uja unaleka.

"Muyende bwino. Mukapereke moni kunyumba."

Pamenepo, pafupi ndi khutu lake lamanzere, pa msinkhu wa mwana woimirira pambali pa munthu wogwada, panamveka kamawu.

"Akamva."

Tsono inu mukudziwa mmene pakamwa pa mayi wa mpingo pamayendera. Zaka makumi atatu akutsanzikana ndi alendo, mawu amatsogozana okha ngati mbuzi zopita kukhola. Ukati muyende bwino, ukati mukapereke moni, chotsatira n'chiyani? Mudzabwerenso. Liwulo linanyamuka lokha m'mimba, linakwera pakhosi, linafika pamano. "Mudza..." Ndipo Nangozo anamva kuti dambo lonse latchera khutu, a kutsidya omwe.

Analuma lilime. Osati mwamasewera ayi. Analuma mpaka magazi anadzaza m'kamwa, natsikira pachibwano. Anakhala chogwada choncho, maso pansi, akumeza magazi ake omwe.

Anadikira. Chule mmodzi analira, wina n'kuyankha. Atadzutsa maso, kamtolo panalibe. Mwala woyamba unali wonyowa pamwamba, wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu ukunyowa kumene.

Anabwerera chammbuyo mpaka mtsinje unabisika, kenako anathamanga ngati mtsikana. Kumitengo kuja anapeza Anajere ataima pomwe anawasiya, Sungeni atawagwira chitenje ndi manja awiri. Anajere anayang'ana magazi aja. Anangomupatsa madzi a mchere kuti achukuche.

Lole inabwera dzuwa litakwera. Nangozo anaima pa chitseko chake, nawerenga mitu. Makumi awiri. Anawatsitsa onse, nawerenganso. Makumi awiri. Sungeni anamukhazika pamiyendo pake ngati khanda.

A Kachigamba anamva kuti mwana anasochera pang'ono m'mawa ndipo mayi anagwa pomufunafuna. Zinawakwanira. M'njira anali osangalala, akuyimbitsa ana, tayi ikuuluka. Atatsala pang'ono kufika anatembenukira kwa Sungeni.

"Nanga mlendo wako uja, mayi wamng'ono? Wamuperekeza?"

"Eya, aphunzitsi."

"Wachita bwino! Sanafunse kwanu, kuti naye adzakuchezere?"

Nangozo anafuna kuyankhula koma lilime linali litatupa ngati mbatata.

"Anafunsa," anatero Sungeni. "Koma amayi anga kunyumba anandiletsa kuuza anthu osawadziwa kumene timakhala. Ndiye ndinamuuza kwanu, aphunzitsi. Nyumba yamalata ija, kuseri kwa chigayo. Anabwereza kawiri kuti asaiwale."

A Kachigamba anayamba kuseka, nayang'ana atsikana, naona kuti palibe akuseka. Anayang'ana Nangozo. Nangozo anangotsegula pakamwa n'kuwaonetsa lilime. Bambo aja anadumpha m'lole ikuyenda, anagwera m'munda wa mbatata, nadzuka, nathamanga mpaka kwa abusa kukapempha kuti akagone kuvesitile.

Lole inaima pabwalo la tchalitchi dzuwa lili pamutu. Make Sungeni anali pomwepo, ndipo anthu akuti anafika tambala asanalire. Nangozo anatsika, namunyamula mwanayo, osalola kuti aponde pansi, mpaka anamuika m'manja mwa make. Mayi uja anamuyang'ana kumaso, m'makutu, anamuwerenga zala, anamununkhiza m'mutu.

"Ee, wanenepa kumene! Anangozo, ndinkakukayikirani chabe. Chaka chamawa mudzamutengenso."

Nangozo anayesa kuyankha, koma chimene chinatuluka palibe anachimva. Anangokhala pansi, pafumbi pomwepo, atavala yunifolomu yake ya mpingo, nayamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi. Make Sungeni anati ndi kutopa, nathamangira kukamuphikira tiyi. Tiyiyo mlamu wanga anamumwa atazizira, ndi supuni, kwa masabata awiri.

Ndi momwemo zinayendera, ndipo sindinasinthe kanthu. Kupatula mwina zodumpha m'lole zija. A Kachigamba ali ndi bondo lovuta, anadikira kuti iime.